Ndinabwereka Tenti ya Maliro Kuti Ndisangalatse Ana

Inu owerenga, ndikulemba izi ndili ndekhandekha m'nyumba ya lendi ku Tabata, muno mu Dar es Salaam. Akazi anga ndi ana anga awiri ali ku Balaka, ndipo sindikudziwa ngati adzabwererenso kuno. Sindinamenye munthu, sindinagwidwe ndi chibwenzi, mowa ndinasiya kalekale. Chimene chandibalalitsira banja ndi tenti. Sekani ngati mukufuna, ambiri aseka kale mpaka misozi, koma mumve kaye mmene zinayendera, chifukwa wolakwa ndinali ine ndipo sindikufuna wina adzagwe m'dzenje lomweli.

Ine ndine dalaivala. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kutsatira amalume, ndipo kwa zaka zambiri ndinkayendetsa banja lina la azungu. Anthu amenewo ankakonda zokagona kutchire. Tchuthi chikangofika tinkapakira matenti, mipando yopinda, kambaula ka gasi, ulendo wa kunkhalango ya nyama ya Mikumi kapena kugombe kupitirira Kigamboni. Wokhoma zikhomo ndinali ine, wokunga zingwe ndinali ine. Koma chimene chinkandilasa mtima chinali ana awo. Kamwana koyamwa ndithu, kugona m'tenti usiku wonse, m'mawa kali pa udzu kakukwawa, kakuseka. Ndikabwerera ku Tabata ndinkapeza Tadala wanga, mtsikana wa zaka zitatu, atakakamira pa TV ngati nkhupakupa. Chiwala samachidziwa, nkhuku ikamuyandikira amathawa akulira. Chichewa chenichenicho amangomva, poyankha amayankha m'Chiswahili. Zinkandiwawa, abale. Ine amene ndinakula ndikugona m'msasa kudimba, mwana wanga aziopa nkhuku?

Azungu aja atabwerera kwawo ndinapeza ntchito ina ku Kariakoo, yoyendetsa galimoto ya katundu wa m'sitolo, koma maganizo a tenti sanandichoke m'mutu. Tsiku lina ndinauza akazi anga kuti nafenso tiyambe kumapita ndi ana kokagona kunja. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. Mwana wathu wachiwiri, Yamikani, anali asanakwanitse chaka, ndipo anali atangotuluka kumene m'chipatala komwe anagonekedwa ndi malungo. Anandifunsa ngati ndikufuna kukam'pereka ndekha kwa udzudzu. Ine yankho ndinali nalo kale. Ndinali nditawerenga pa foni kuti ukakhala ndi ana aang'ono usamayambire kutali, uziyamba waimika tenti pabwalo la nyumba yako, kuti zikavuta ungolowa m'nyumba. Ndinawanyengerera kwa masiku angapo mpaka anavomera, koma kuvomera kwa munthu wotopa ndi phokoso.

Vuto linali tentiyo. Ndinazungulira masitolo ku Kariakoo, koma nditamva mtengo ndinangoti ndibweranso, ndipo mukudziwa nokha tanthauzo la mawu amenewo. Apa m'pamene satana anandinong'oneza nzeru.

Amalawi a ku Tabata tili ndi gulu lathu lothandizana pa zovuta. Gululi lili ndi mapoto aakulu, mipando, ndi tenti imodzi yobiriwira, yakalekale, ya nsalu yokhuthala, yokhala ndi chigamba chabuluu padenga. Tenti imeneyo Mmalawi aliyense wa kuno amaidziwa ngakhale aionere patali ali m'daladala, minibasi ya kuno. Pa ukwati timachita kubwereka zoyera kwa eni dziko. Yobiriwirayo imatuluka pa maliro pokha. Ine ndinkadziwa zimenezi bwino lomwe, popeza nthawi zambiri woimika ndinkakhala ine. Koma ndinangoti m'mtima, nsalu ndi nsalu, yangokhala m'stoo, mosungira katundu muja, ikudyedwa ndi makoswe, ndalakwa chiyani kuibwereka usiku umodzi?

Nditawauza akazi anga, anasiya kuchapa n'kuimirira.

"Bambo a Tadala, tenti yogonamo anamfedwa mulowetsemo ana amoyo? Mwana wangodzuka kumene, mukufuna kum'losera chiyani?"

Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinawayankha kuti zimenezo n'zachimidzi, ife ndife Akhristu, sitiopa malodza. Anangowerama n'kupitiriza kuchapa. Ndinaganiza kuti ndapambana.

Loweruka m'mawa ndinakwera bajaji, tija timagalimoto ta matayala atatu, kupita kwa a Chisale, amene amasunga katundu wa gulu. Eni akewo anali ku Morogoro ndi lole, pakhomo ndinapeza mayi Chisale okha. Nditatchula tenti, nkhope yawo inasintha. Anandifunsa motsitsa mawu kuti kwagwanji. Inu owerenga, apa ndiye panali pongoyankha chilungamo, mawu awiri okha. Koma manyazi anandigwira. Ndikanayamba bwanji kuuza mayi wamkulu kuti ndikufuna kukaseweretsa ana m'tenti ya maliro? Wa bajaji nayenso anali akuimba belu panja ngati wakwiyitsidwa. Ndinangoti ndidzawafotokozera bwino, panopa ndathamanga. Maso anga anali ofiira ndi fumbi la ku Kariakoo, thukuta lili kamukamu. Mayi aja anagwira pachifuwa n'kunditsegulira stoo. Ine chitsiru ndinatuluka ndikusangalala kuti sanandivutitse ndi mafunso.

Pabwalo pathu m'pang'ono, pozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo pakona pali mtengo wa nimu. Nthambi zake zinkatchinga poimika tenti, choncho ndinatenga chikwanje n'kuzisadza. Poti malo analibe, ndinaziponya kunja kwa geti, zina zinagwera pamsewu penipeni, ndikuti ndizichotsa mawa. Tenti itaima inapitirira mpanda, chigamba chabuluu chija chili poyera. Kenako ndinasonkha moto wa nkhuni panja woti tiotchere chimanga, chifukwa kugona kunja kopanda moto si kugona kunja. Geti ndinakhoma ndi loko kuti ana a m'dera asatidzadzire. Pomaliza ndinatenga foni yanga ndi ya akazi anga, ndinazithimitsa n'kuziika m'kabati, chifukwa azungu anga ankatero, ati banja lizicheza lokha popanda zosokoneza.

Tsopano taganizani inuyo amene munakulira kumudzi. Masamba pamsewu. Tenti yobiriwira. Utsi wa moto wa panja masana. Mwana wa sitandade wani angakuuzeni kuti pamenepo pagwa zovuta. Ine bambo wamkulu, ndevu pepeya, sindinaganizeko ngakhale pang'ono.

Nanga kusangalalako kunalipo? Kunalibe ndi pang'ono pomwe. Aliyense wodziwa kutentha kwa Dar es Salaam aganize kulowa m'nsalu yokhuthala dzuwa lili pamutu. Munkanunkha nkhungu ndi utsi wakale. Yamikani anangolowamo n'kuyamba kulira, thupi lonse zidzolo za thukuta. Tadala poyamba anakondwa, akuthamanga uku ndi uko, mpaka anakodwa ndi chingwe n'kukagwera pa chikhomo, mlomo n'kung'ambika. Analira mwana ameneyo ngati akuphedwa. Titam'tonthoza anati akufuna kuchimbudzi, titapita naye anati sakufunanso, akufuna makatuni. Chimanga chinapserera ndili kalikiliki kumanga neti ya udzudzu imene inalibe pomangirira. Akazi anga anandipempha kawiri kuti tingolowa m'nyumba, zakanika basi. Ine ndinakana. Ndinati ana amafunika kuzolowera, tsiku loyamba limavuta kwa aliyense. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kugonja pamaso pawo.

Yamikani atakana bere, mayi ake anayamba kumuimbira nyimbo ya kutchalitchi, ija yoziziritsa mtima imene timaimbanso pa siwa. Ndi imene imamugonetsa masiku onse. Ali mkati moimba tinamva kugogoda pageti. Akazi anga anati ndikatsegule. Ine ndinati ndi tiana ta anansi tikufuna kudzaonerera, tisiyeni titopa tokha. Kugogoda kuja kunapitirira kwa kanthawi, kenako kunasiya.

Zimene zinkachitika kunja ndinadzazimva pambuyo pake. Wogogodayo anali mayi Nangozo, mnzawo wa akazi anga wa m'kwaya, amene ankachokera kumsika. Anaona masamba pamsewu, anaona tenti, anaona utsi, anamva mwana akulira ndiponso nyimbo ija. Anaimba foni yanga, yothima. Anaimba ya akazi anga, yothima. Anaimbira mayi Chisale, ndipo iwo anati inde, bambo aja anabwera m'mawa maso ali psu, analephera n'kulankhula komwe. Gulu lonse linkadziwa kuti Yamikani anali m'chipatala, popeza tinapempha tokha mapemphero. Panatsalanso chofunsa apa? Uthenga unalowa pa WhatsApp ya gulu. Woyamba analemba mofunsa, wachiwiri anayankha kuti mzimu wa mwana uuse mumtendere, wachitatu anayamba kugawa ntchito za ophika.

M'gulumo muli mnyamata wina wakwawo kwa akazi anga ku Balaka. Iyeyo, pofuna kuthandiza, anaimbira mlongo wake kumudzi kuti akadziwitse apongozi anga. Kale uthenga wa maliro unkapita ndi akuluakulu, ankayamba akukhazika pansi, n'kuzungulira ndi mawu mpaka mtima ukonzeke. Koma mtsikana uja anangothamanga, anakawapeza apongozi pamjigo akutunga madzi, n'kuwauza ataimirira kuti mdzukulu wawo wa ku Tanzania wamwalira. Apongozi anga amadwala BP. Yamikani dzina anamupatsa ndi iwo, ndipo anali asanamunyamulepo, ankangomuonera pa foni, akuwerengera masiku oti tidzapite naye pa Khirisimasi. Anagwa pomwepo, ndowa ili uko.

Ife nthawi imeneyo tinali tikukangana za udzudzu.

Dzuwa likulowa tinamva kulira kukuchokera kumsewu, kulira kwa amayi ambiri, kukuyandikira. Akazi anga anati kaya zagwa kwa ndani. Ine ndinayamba kudandaula m'mtima kuti basi, anthu afuna tenti yawo. Koma kulirako kunaima pageti pathu, ndipo m'kati mwake ndinamva dzina la mwana wanga. Ndinatsegula geti chimanga chopserera chili m'manja. Msewu wonse unali anthu. Amayi atamanga mipango, ena asenza nkhuni, ena ufa, azibambo anyamula mipando, kutsogolo kuli a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, Baibulo lili m'khwapa. Anansi athu Achiswahili nawonso anali pomwepo akunena pole, kupepesa kwa m'chinenero chawo. Amayi anandidutsa n'kulowa akubuma, ndipo nthawi yomweyo akazi anga anatuluka m'tenti Yamikani ali m'manja, akuyamwa chala, akuyang'ana anthu.

Mayi wina anaponya nkhuni n'kuthawira kumsewu. A Kamwendo anayang'ana mwana, anayang'ana tenti, anayang'ana chimanga changa.

"Achimwene, wamwalira ndani pakhomo pano?"

"Palibe, abambo. Timangoyeserera kugona panja ndi ana."

Sindidzaiwala mmene mawu amenewo anamvekera mopusa m'kamwa mwanga. Ena anayamba kuseka chifukwa cha mpumulo, ena anakwiya koopsa. Panali anthu amene anatseka mabizinesi awo, ena anachokera ku Mbezi kudutsa m'mzere wa magalimoto wa Loweruka madzulo. Mayi Nangozo anakhala pansi n'kuyamba kulira kwenikweni tsopano. Ine ndinayamba kudziteteza, ndikuti bwanji osafunsa kaye. Mayi Chisale anandikumbutsa pamaso pa anthu onse kuti iwo anafunsa.

Akazi anga sanalowerere mkanganowo. Atangomva kuti uthenga wafika kumudzi anathamangira m'nyumba kukayatsa foni. Ndinawatsatira. Mafoni a alamu anga, mchimwene wawo, anali mndandanda. Akazi anga anawaimbira, anamvetsera, kenako anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi. Apongozi anali m'chipatala cha boma, kukamwa kutapotoka, mbali yonse ya kumanja yosagwira ntchito. Ndinafuna kuwagwira paphewa akazi anga, anandichotsa dzanja pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Zikanakhala bwino akanandilalatira.

M'mawa mwake ndinawaperekeza ku siteji ya mabasi ku Mbezi, iwo ndi ana onse awiri. Njira yonse sanalankhule nane kupatula kundiuza kuti ndinyamule chikwama. Tadala ndi mlomo wake wotupa uja anandifunsa ngati kwa agogo kulinso tenti. Basi itanyamuka ndinabwerera kunyumba kukagwetsa chinsalu chija ndekha, anansi akusuzumira pampanda.

Za manyazi amene ndadya kuno sindingathe kuzifotokoza zonse. Gulu linandiitanitsa, linandiuza kuti ndichape tenti ndi kupepesa pamaso pa anthu, ndipo ndinatero. Ku Kariakoo anzanga akandiona amafunsana mokweza kuti lero maliro ali kwa ndani. Ndipo ndinene zoona, kwa milungu ingapo ndinali wokwiya ndi aliyense. Ndinakwiyira mayi Nangozo chifukwa cha phuma, ndinakwiyira mnyamata wa foni uja, ndinakwiyira mtsikana wa pamjigo, ndinakwiyira WhatsApp, ndinakwiyira ngakhale azungu aja amene ali kwawo osadziwa kanthu. Mpaka lero ndikaganiza kuti anthu okwana msewu wonse anasenza ufa popanda mmodzi woona mtembo, mtima umandiwira. Koma ndikakhala pansi ndimaona kuti anthu aja anachita zimene Amalawi timachita. Ukaona masamba, sudikira kuti akuitane, umangopita. Tsiku limene zidzandigwere zenizeni ndidzafuna anthu omwewo athamange chimodzimodzi. Amene anaika zizindikiro zonse za maliro pakhomo, n'kukhoma geti, n'kuthimitsa mafoni, ndi ine.

Apongozi anatuluka m'chipatala koma sayenda, ndipo mawu amatuluka amodziamodzi movutikira. Alamu anandiuza kuti tsiku limene anawaonetsa Yamikani sanakhulupirire. Ankaganiza kuti abwereka mwana wa eni kuti awatonthoze. Anamupapasa ndi dzanja lawo lamanzere kuyambira kumutu mpaka kuphazi, akuyang'ana mayi ake, akuyang'ana mwana, misozi ikutsikira mbali imodzi. Ndinamva zimenezo ndili pa galimoto ku Kariakoo ndipo ndinachita kuimika pambali.

Ndiye inu amene mwaona zithunzi zokongola pa foni ndipo mukufuna kuyamba kugona m'tenti ndi ana aang'ono, sindikukuletsani. Mpaka pano ndimakhulupirira kuti n'chinthu chabwino. Kuyambira pakhomo ndi nzeru ndithu, koma pezani katenti kakang'ono kopita mphepo, kanukanu kapena ka mnzanu, osati chinthu chimene anthu akwanu amachidziwa ndi ntchito ina. Imikani dzuwa litapepa, zikhomo muziphimbe, ndipo mwana akalira kwambiri lowani m'nyumba, palibe amene akukupatsani mamalikisi. Uzani anansi ndi abale zimene mukuchita, ngakhale akusekeni, kusekedwa sikupha. Foni imodzi ikhale yoyaka. Mwana akakhala kuti wangochira kumene, dikirani, tchire silithawa. Ndipo ngati mukukhala kunja kwa dziko ngati ine, kumbukirani kuti kumudzi kuli nkhalamba zimene mtima wake uli pa ana anuwo, ndipo uthenga masiku ano umafika kumeneko inu musanamalize n'komwe kukhoma chikhomo.

Miyezi yapita tsopano. Ndimatumiza kangachepe, ndimaimba foni, amandipatsa Tadala kuti ndilankhule naye. Akazi anga amandiyankha mwaulemu, ulemu uja wopatsa mlendo. Sabata yatha ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti abwera liti, popeza alamu ndi akazi awo alipo oti n'kusamala amayi. Anandiyankha mosakweza mawu.

"Bambo a Tadala, amayi pogona amamanga kansalu, mbali ina kumwendo kwa Yamikani, mbali ina kudzanja lawo lamoyolo. Akadzidzimuka amakoka kuti amve ngati alipo. Ine sindingamasule. Ngati mukufuna ana anu, bwerani mudzamasule nokha, iwo akukuonani."

Mayunitsi anathera pomwepo.

Tchuthi ndapempha kale kuntchito, ndipo mwezi ukatha ndikwera basi ya ku Balaka. Ndikagwada pamaso pa apongozi anga ndi kupepesa, ngakhale sadzatha kundiyankha. Koma inu owerenga, ndisakunamizeni, ndikudziwa kale kuti kansalu kameneko sindikakamasula. Ndikabwerako ndekha. Mayi wa ana anu akakuuzani kuti ichi ayi, khalani pansi mumve mpaka amalize.